Musanabzale Tsitsi pa Dazi, Yambani Mwawerenga Mbande

Mwezi uno tikambe za mitu ya ife abambo. Kale munthu akayamba dazi, nkhani inali kuthera pa nthabwala. Anzake anali kumuseka kuti cuma cayandikira, iye n'kugula cisoti, moyo n'kupitirira. Lero zinthu zasintha. Mukangotsegula foni, pa Facebook mukumana ndi zithunzi ziwiri zogundizana: kumanzere bambo wa mutu wonyezimira ngati mbale, kumanja bambo yemweyo ali ndi tsitsi lodzaza ngati mwana wa sukulu. Pansi pake alembapo kuti bwerani ku Istanbul, tidzakulandirani pa bwalo la ndege, tidzakugonekani ku hotela, ndipo mudzabwerera kwanu muli munthu watsopano. Kuyambira mu December 2018, pamene ndege za Turkish Airlines zinayamba kutera mu Lusaka, ulendo umenewu unaleka kukhala maloto a anthu a ku Kabulonga ndi ku Woodlands okha. Nkhaniyi tsopano imamveka kwa ometa ku Kabwata, m'maminibasi a ku Chelstone, ngakhale kwathu kuno ku Chunga.

Amene amandifunsa kwambiri za nkhaniyi si abambo ai, koma amai. Amabwera ndi mafunso atatu. Kodi cinthu cimeneci cimathekadi kwa munthu amene dazi lake lacoka pamphumi n'kukafika paliwombo? Kodi n'cololeka kwa mkhristu? Nanga ngati amuna anga afuna kutengapo ndalama za banja, ine ndinene ciani? Ine sindine dokotala. Ndine katekisiti wa dazi ngati amuna awo omwewo. Koma zimene madokotala analemba poyera tingathe kuzimva tonse, ndipo mutu wake ndi umodzi: opaleshoni imeneyi silenga tsitsi latsopano ngakhale limodzi. Imangosamutsa limene munthu ali nalo kale, kulicotsa kunkhongo n'kulibzala patsogolo. Zina zonse zimene ndilembe pano zicokera pa mfundo imeneyi.

Dazi limacokera kuti?

Tiyambe ndi kucotsa mabodza. Dazi silibwera cifukwa cobvala cisoti, kusenza katundu pamutu, kapena kuganiza kwambiri. Silisonyezanso cuma. Mwambo wonena kuti wa dazi ndi wolemera timauyesa nthabwala, koma nthabwala ikagwera m'mitima yoipa imabala maliro. Mu 2017 apolisi a ku Mozambique anacenjeza amuna a dazi kuti adzisamale, amuna asanu ataphedwa m'maboma a Milange ndi Morrumbala cifukwa ca bodza lakuti m'mutu wa munthu wa dazi muli golide. M'mutu wa dazi mulibe ciliconse cimene mulibe m'mitu ina.

Dazi la amuna ambiri limacokera ku zinthu ziwiri: mtundu ndi mahomoni. Mtundu ungacokere kwa atate kapena kwa amai. M'thupi la mwamuna muli homoni yochedwa DHT, imene imapangidwa kucokera ku homoni ya umuna. Mwa munthu amene anabadwa ndi mbeu ya dazi, DHT imafooketsa mizu ya tsitsi la patsogolo ndi la paliwombo. Tsitsi likathothoka, lophukapo limakhala lopyapyala ndi lalifupi, caka ndi caka, mpaka litasanduka ubweya wosaoneka. Katswiri wa ku America, James Hamilton, anaonetsa mu 1942 kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sacita dazi la mtundu umenewu. Cinthu codabwitsa n'cakuti mizu ya kunkhongo ndi m'mbali mwa makutu siigonja msanga kwa DHT. Ndiye cifukwa cake ngakhale nkhalamba ya zaka 80 imatsala ndi mkombero wa tsitsi kumbuyo.

Madokotala amayeza dazi ndi makwerero asanu ndi awiri amene Dokotala O'Tar Norwood anawakonza mu 1975. Pa khwerero lacitatu tsitsi lathawa m'ngondya za pamphumi. Pa lacisanu dazi la patsogolo ndi la paliwombo latsala pang'ono kukumana, pakati pangotsala kamlatho kopyapyala. Pa lacisanu ndi cimodzi kamlatho kaja kagwa. Pa lacisanu ndi ciwiri pangotsala mkombero wonga nkhata yosatseka. Nkhani yathu ya lero ikhudza makamaka ife a makwerero atatu omalizirawa.

Koma si kuthothoka konse kwa tsitsi kumene kuli dazi la mtundu. Pali zipere, pali kucepa kwa magazi, pali cindoko, pali matenda ena a khungu amene amapha mizu n'kusiya zipsera. Amai ambiri amataya tsitsi la pamphumi cifukwa coluka mothina kwambiri. Zonsezi zili ndi cithandizo cake cosiyana. Conco khomo loyamba kugogoda si la ogulitsa matikiti a ndege, koma la dokotala wa matenda a khungu, monga amene ali ku UTH. Pajatu safunsa anadya phula.

Nazale ndi munda

Amene mumalima madimba m'mbali mwa mtsinje wa Chunga mumvetsa msanga. Mlimi wa repu kapena matimati amafesa pa nazale, kenaka n'kuzula mbande kukaokera m'munda. Kubzala tsitsi n'cimodzimodzi. Nazale ndi kunkhongo, munda ndi dazi. Tsitsi la munthu silimera limodzilimodzi, limamera m'timagulu ta limodzi mpaka anai pa phando limodzi. Kagulu kotere, kakazulidwa pamodzi ndi mizu yake, madokotala amakacha graft. Ife tikache mbande.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Dokotala wa ku Japan, Shoji Okuda, analemba za iyo mu 1939, koma nkhondo inaphimba nchito yake. Dokotala Norman Orentreich wa ku New York anayamba kubzala tsitsi pa dazi mu 1952, ndipo mu 1959 anafalitsa cimene anapeza: mbande yocokera kunkhongo imasunga khalidwe la kwao ngakhale itabzalidwa pamphumi. Imapitiriza kumera ngati kuti ikali kunkhongo. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pakhazikika nchito yonseyi kufikira lero.

Njira zozulira mbande zilipo ziwiri. Yoyamba, yochedwa FUT, dokotala amadula kalamba ka khungu kunkhongo, n'kusoka bala, ndipo omuthandiza amagawa kalambako kukhala mbande pansi pa makina oonera tinthu tating'ono. Pamatsala cipsera cacitali copingasa. Yaciwiri, yochedwa FUE, imene inafalitsidwa mu 2002, amazula mbande imodziimodzi ndi kacitsulo kobowola kocepa ngati nsonga ya bolopeni. Otsatsa malonda amakonda kunena kuti njira imeneyi ilibe zipsera. Limenelo ndi bodza. Phando lililonse lozulidwa limasiya kadontho koyera, ndipo madontho zikwi zinai ndi zipsera zikwi zinai.

Nchitoyi imatenga tsiku lathunthu, kawirikawiri maola 6 mpaka 8, munthu ali maso, atangolasidwa jekeseni yocititsa dzanzi pamutu. Pakapita masabata owerengeka tsitsi lobzalidwa lija limathothoka, mizu yokha n'kutsala m'khungu. Limayambanso kuphuka pakatha miyezi itatu kapena inai, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha caka. Paliwombo pamacedwa koposa, nthawi zina mpaka miyezi 18. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa mlimi ndi munthu wa dazi. Mlimi mbande zikatha amagula mbeu ina n'kufesanso. Nazale ya kunkhongo imafesedwa kamodzi kokha, munthu akali m'mimba mwa amai ake. Pamene pazulidwa mbande sipaphukanso. Tsitsi la mbale wanu kapena la mwana wanu silingabzalidwe pamutu panu, thupi limalikana. Muli ndi nazale imodzi ya moyo wanu wonse.

Tiwerenge masamu

Munthu wa tsitsi lodzaza amakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 pamutu. Koma mbande zimene zingazulidwe kunkhongo popanda kuononga maonekedwe ake n'zocepa. Madokotala ambiri amati pa moyo wonse zimakhala pakati pa 4,000 ndi 8,000, malinga ndi munthu. Wa khwerero lomaliza, amene mkombero wake wacepa, amakhala ku mbali ya pansi ya nambala imeneyi, mwinanso kucepera pamenepo.

Tsopano tiyeze munda. Tiyerekeze kadera ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, kukula kwake ngati cikhadabo ca kacala kakang'ono. Dazi lalikulu, kucokera pamphumi kukafika kuseri kwa liwombo, lingakhale ndi timadera totere 200 kapena kuposa. Kuti tsitsi lioneke lophimba bwino, pa kadera kalikonse pamafunika mbande 30 mpaka 40. Tikatenga 35 n'kuculukitsa ndi 200, tipeza mbande 7,000. Ngati nazale yanu ili ndi 4,500, masamu akana. Palibe dokotala, kaya wa ku Istanbul, ku Mumbai kapena ku Johannesburg, amene angasinthe masamu amenewa. Onaninso tsoka lake: pamene dazi likukula, munda ukukula, koma nazale ikucepa. Amene afuna mbande zambiri ndiye amene ali nazo zocepa.

Liwombo ndilo limadya mbande koposa malo ena onse, pa zifukwa zitatu. Coyamba, patsogolo tsitsi limagona mbali imodzi, lina pamwamba pa linzake, ngati udzu wofolera denga, kotero locepa limaphimba pakulu. Paliwombo limamera mozungulira ngati kamvulumvulu, lililonse kuloza kwake, khungu n'kumaonekera pakati. Caciwiri, liwombo n'lotambalala kuposa mmene mwini wake amaganizira, popeza saliona pagalasi. Cacitatu, dazi la paliwombo limapitiriza kukula m'mphepete mwake. Mukabzala pakati lero, patapita zaka zisanu mungapeze kacilumba ka tsitsi kazunguliridwa ndi dazi latsopano, mbande zokatsekera mpata zitatha kale.

Cifukwa ca ici, dokotala woona mtima akaona munthu wa dazi lalikulu amayamba ndi patsogolo ndi pakati pa mutu. Pamenepo ndi pamene pamakongoletsa nkhope, ndiponso ndi pamene anthu amaona polankhula nanu. Mzere wa tsitsi amauika pamalo oyenera munthu wacikulire, osati pansi ngati wa mnyamata wa zaka 18. Liwombo amangowazapo mbande zocepa, kapena kulisiya mpaka ulendo waciwiri, kapena kulisiyiratu. Ena amatengako mbande ku ndevu za pansi pa cibwano kuti aonjezere, koma tsitsi la ndevu ndi lokhakhala ndipo silikwanira kudzaza munda wonse. Mwacidule, wa dazi lalikulu angapeze nkhope yooneka bwino, koma mutu wa unyamata wake sudzabwerera. Amene akulonjezani kudzaza mutu wonse pa tsiku limodzi akufuna ndalama zanu kuposa ubwino wanu.

Okonda mpira mukumbukira Wayne Rooney wa Manchester United. Iye anaulula yekha mu 2011, ali ndi zaka 25, kuti anabzalitsa tsitsi ku London. Mu 2013 anabwererakonso kaciwiri. Ngati munthu wa ndalama zotere, wofika kwa madokotala ochuka, sanamalize ndi ulendo umodzi, ife a ku Chunga tisadzinamize kuti tidzalipira kamodzi n'kuiwala.

Ngozi yoopsa koposa ndi kukokolola nazale. Zipatala zina, pofuna kukondweretsa wodwala ndi nambala yaikulu, zimazula mbande zopitirira muyeso. Kunkhongo kumatsala ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Munthu wotere wataya pawiri. Patsogolo sipanadzaze, kumbuyo kwaonongeka, ndipo ngakhale kumeta mpala sangathenso mwamtendere cifukwa zipsera zili poyera. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsitsi lathu ndi khungu lathu

Zithunzi zambiri za pa intaneti n'za azungu ndi Aluya, koma tsitsi la ife anthu akuda lili ndi khalidwe lake. Ubwino wake ndi wakuti n'lopotana, conco locepa limaphimba malo aakulu, ndiponso mtundu wake susiyana kwambiri ndi wa khungu, kotero mipata sioneka msanga. Kuipa kwake ndi kwakuti mapando athu pa kadera kamodzi ndi ocepa poyerekeza ndi a azungu, ndiye kuti nazale yathu ndi yaing'ono. Cinanso, muzu wa tsitsi lathu ndi wokhota m'kati mwa khungu ngati mbedza. Kacitsulo kowongoka m'manja mwa munthu wosazolowera kamadula mizu pakati, mbande n'kufa isanabzalidwe. Mbande yofa yacoka pa nazale, koma sinafike m'munda.

Palinso nkhani ya zipsera zotupa, zimene madokotala amazicha keloid. Zimapezeka kwambiri mwa anthu akuda. Mwaziona pa makutu a atsikana oboola ndolo, pa cifuwa, kapena pamene panali katemera. Ngati thupi lanu kapena la abale anu limacita zotere, nenani kwa dokotala asanakhudze mutu wanu. Amuna ambiri alinso ndi tiziphuphu touma ta kunkhongo timene timakula tikamametedwa ndi makina kapena lumo. Timeneti timamera pa nazale penipeni. Dokotala wosamala amayamba wacizira bvuto limeneli, ndipo nthawi zina amayesa kaye mbande zowerengeka n'kudikira miyezi kuti aone mmene khungu licirira. Odwala shuga, othamanga magazi, osuta fodya, ndi omwa mankhwala osungunula magazi monga aspirin ayeneranso kuulula zonse. Kubisa matenda kuti opaleshoni isalephereke ndi kudzichera msampha.

Za mankhwala

Opaleshoni siletsa dazi kupitirira. Tsitsi lanu lakale limene likali patsogolo lidzapitiriza kufooka. Mankhwala odziwika bwino amene anayesedwa n'kubvomerezedwa ndi awiri. Minoxidil, wodzola pamutu, anabvomerezedwa ku America mu 1988. Poyamba anali mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo madokotala anadabwa kuona odwala akumera tsitsi. Finasteride wa 1 mg anabvomerezedwa mu 1997. Iye amacepetsa DHT m'thupi. Onse awiri amagwira bwino paliwombo pamene pakali ubweya, kotero ena amasankha kubzala patsogolo n'kusunga liwombo ndi mankhwala. Koma pa khungu losalala, limene mizu inafa zaka zapitazo, sadzutsa kanthu. Ndipo mukaleka, zimene munapindula zimatha m'miyezi yocepa.

Finasteride si switi. Mwa amuna ena amacepetsa cilakolako ndi mphamvu za m'banja, ndipo ena amadandaula za kukhumudwa mumtima. Amai oyembekezera sayenera kugwira piritsi losweka, cifukwa lingaononge mwana wamwamuna m'mimba. Amatsitsanso ndi theka nambala ya PSA, muyeso wa magazi umene madokotala amafufuzira khansa ya prostate. Kwa ife a zaka za m'ma 50 imeneyi ndi nkhani yaikulu. Ngati mumamwa mankhwalawa, uzani dokotala pokapimitsa. Mwa ici, mankhwala otere ndi okambirana ndi dokotala ndiponso ndi akazi anu, popeza zotsatira zake zimafika kucipinda. Mafuta a m'mabotolo opanda dzina amene amagulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp asiyeni. Gulani m'mafamase obvomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko lathu.

Wagwira mpeni ndani?

Bungwe la madokotala obzala tsitsi pa dziko lonse, lochedwa ISHRS, limene linakhazikitsidwa mu 1993, lakhala likucenjeza za zipatala kumene dokotala amangojambula mzere pamphumi n'kucoka, nchito yonse yodula ndi kubowola n'kusiyira anthu amene si madokotala. Ku Turkey, ku India ndi ku South Africa kuli akatswiri enieni, koma kulinso amalonda, ndipo pa cithunzi onse amabvala zoyera. Mtengo wochipa kwambiri kawirikawiri umatanthauza odwala ambiri pa tsiku limodzi.

Musanalipire kalikonse, funsani mafunso awa ndipo mayankho alembedwe. Dzina la dokotala ndani, ndipo analembetsedwa kuti? Kuno kwathu madokotala ndi zipatala amalembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ciphaso. Kodi iye mwini ndiye adzazula mbande ndi kuboola mapando? Wathandizapo anthu akuda angati, ndipo angakuonetseni zithunzi zao za patsogolo ndi za kunkhongo patatha caka? Nazale yanga ili ndi mbande zingati pa moyo wonse, ndipo mudzasiyako zingati za mtsogolo? Bala likatukusira nditabwerera ku Lusaka, adzandiona ndani, ndipo adzalipira ndani? Munthu amene wakuuzani nambala ya mbande pongoona cithunzi ca pa foni, osapima mutu wanu, ali ngati wogula ng'ombe pongomva kulira kwake.

Ndalama za ndani?

Kubzala tsitsi kunja kwa dziko kumadya madola zikwi zingapo, osawerengera tikiti ya ndege, mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndi ulendo waciwiri umene wa dazi lalikulu amaufuna kawirikawiri. Inshuwalansi ya NHIMA silipira opaleshoni yokongoletsa thupi. Ndiye kuti ndalama zidzacokera m'nyumba. Kuyambira mu April 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA oyenerera kutengako 20 peresenti ya zopereka zao asanapume pa nchito. Mwai umenewu umacepetsa penshoni ya ukalamba. Ena amaganiza za cilimba, ena za kaloba. Kukongola kaloba cifukwa ca tsitsi ndi kugulitsa denga kuti ugule cisoti.

Kodi tsono n'kulakwa? Mpingo sunena kuti kukonza maonekedwe ndi chimo pa kokha. Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala a nchito yokonza maonekedwe a thupi mu October 1958, anaphunzitsa kuti nchito yotere ingakhale yabwino, makamaka pocotsa cisoni ca mumtima, malinga colinga cikhale coyera, ngozi isapose phindu, ndipo zinthu zofunika koposa zisaponderezedwe. Miyeso itatu imeneyi njokwanira. Bambo amene ana ake ali pa sukulu bwino, nyumba ili ndi cakudya, ngongole alibe, ndipo wagwirizana ndi akazi ake, angapite ndi mtima woyera. Koma amene atenga mwakabisira ndalama za lendi kapena za mwana wa ku koleji, cholakwa cake sicili pa tsitsi koma pa cilungamo. Ndipo amene colinga cake n'kukondweretsa maso ena kunja kwa banja, bvuto lake silili paliwombo.

Kwa inu amai, muli ndi ufulu wonse wofunsa, popeza penshoni ya amuna anu ndi ukalamba wa nonse awiri. Koma musayambe ndi kuseka. Dazi limapweteka mtima kuposa mmene amuna amaululira, makamaka kwa mnyamata amene layamba ali ndi zaka 25, asanakwatire, akufunafuna nchito. Kawirikawiri bambo wa zaka 50 akamadandaula za tsitsi, cimene cikumuopsa ndi ukalamba, kupuma pa nchito, ndi mantha akuti sakukondedwanso. Zimenezi mpeni wa dokotala sucizira. Khalani pansi, werengani pamodzi mbande ndi makwacha, ndipo pitani nonse kwa dokotala. Mutu umodzi susenza denga. Kwa acinyamata, madokotala ambiri amalangiza kusafulumira, cifukwa dazi la munthu wa zaka za m'ma 20 silinaonetse malire ake, ndipo mbande zomwazidwa msanga zidzafunika mtsogolo.

Njira imene silipiritsa

Tisaiwale kuti kumeta mpala nakonso ndi yankho, ndipo kwa ife anthu akuda kumakhala bwino kwambiri. Yendani mu Cairo Road muone kuculuka kwa amuna olemekezeka ometa mpala, ena a iwo tsitsi ali nalo lonse. Kwa zaka mazana ambiri olowa m'gulu la ansembe anali kumetedwa dala paliwombo, mpaka Papa Paul VI atasintha mwambowu mu 1972. Cimene ena akulipira madola kuti aphimbe, makolo athu m'cikhulupiriro anali kucibvala ngati ulemu. Mpala amangofuna cisoti pa dzuwa la October ndi lumo laukhondo limene simubwerekana ndi wina. Ubwino wake wina ndi wakuti mukameta lero n'kuona kuti simunakonde, tsitsi la kunkhongo lidzameranso, ndipo khomo la opaleshoni lidzakhala lotsegukabe. Koma mukayamba ndi opaleshoni yoipa, khomo la mpala latsekeka.

Conco, bambo mnzanga, ngati mtima ukali kufuna, tsatani ndondomeko. Yambani mwameta mpala kwa miyezi itatu muone ngati simungazolowere. Pitani kwa dokotala wa khungu akatsimikize mtundu wa dazi lanu ndi kupima nazale. Funsani madokotala obzala awiri kapena atatu, ndipo khulupirirani amene walonjeza zocepa. Lolerani kuti patsogolo ndipo poyamba, liwombo pambuyo, mwinanso osakhudzidwa konse. Lipirani ndi ndalama zimene banja lingataye popanda kugona ndi njala, akazi anu akudziwa. Dokotala akakuuzani kuti nazale yanu njocepa ndipo simuyenera opaleshoni, mthokozeni, musapite kukafunafuna wina amene adzabvomera. Ameneyo wakusungirani ndalama, khungu ndi mtendere.

Mwezi wamawa tidzakamba za amai ndi tsitsi la pamphumi limene likutha cifukwa ca zoluka zothina ndi mankhwala owongolera.